GUENDOLEN: SITIMA YANKHONDO YA PA NYANJA YATHU

Aliyense amene anafikako ku Mangochi anaona mzinga wakale umene uli pafupi ndi nsanja ya wotchi ya Mfumukazi Victoria, m'mbali mwa mtsinje wa Shire. Mzinga umenewu unali pa sitima ya Angerezi yotchedwa Guendolen. Ife a kuno ku Mitundu ndi ku Nathenje tili kutali ndi nyanja, choncho wina angafunse kuti, kodi sitimayi ikutikhudza bwanji? Tiyeni tione mbiri yake, ndipo yankho tilipeza.

Guendolen inapangidwa ku Greenwich, ku Mangalande. Popeza sitima sizikanatha kukwera mathithi a mu Shire, inabwera muno ili zidutswazidutswa, ndipo anthu ndiwo anasenza zitsulozo pamutu kulambalala mathithiwo. Amisiri anazilumikiza ku Fort Johnston, komwe lero timati ku Mangochi, ndipo inalowa m'madzi m'chaka cha 1899. Dzina lake linachokera kwa Lady Gwendolen Cecil, mwana wamkazi wa Lord Salisbury, amene anali nduna yaikulu ya Britain. Ntchito yake inali kulondera nyanja ndi kunyamula asilikali ndi katundu wa boma.

Mkulu wake wodziwika kwambiri anali Kaputeni Edmund Rhoades. Iyeyu anakhala pa nyanja zaka zambiri, anaiyeza ndi kujambula mapu ake, ndiponso anatumiza nsomba za mitundumitundu kwa akatswiri ku London. N'chifukwa chake nsomba ina ya m'nyanja yathu dzina lake la sayansi ndi Chilotilapia rhoadesii.

Masiku amenewo gombe la kumpoto chakum'mawa kwa nyanja linali m'manja mwa Ajeremani, amene ankalamulira dziko limene lero ndi Tanzania. Nawonso anali ndi sitima yokhala ndi mzinga, dzina lake Hermann von Wissmann, ndipo mkulu wake anali Kaputeni Berndt. Rhoades ndi Berndt anali pa chibwenzi, ankachezerana ndi kumwera limodzi.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itayamba mu Ogasiti 1914, boma la Nyasaland, pansi pa Bwanamkubwa George Smith, linaona kuti amene agwire nyanja ndiye agwire njira ya kumpoto, pakuti kunalibe msewu wabwino wopita ku Karonga. Rhoades analamulidwa kukafuna sitima ya mnzake uja. Pakati pa mwezi womwewo anaipeza pa dooko la Sphinxhafen, komwe lero ndi Liuli, itakokeredwa kumtunda kuti aikonze. Anaiombera mpaka chipolopolo chinaigunda. Berndt, amene anali asanamve kuti nkhondo yayamba, anapalasa bwato nadza ali wokwiya, akuganiza kuti mnzakeyo waledzera. Apo ndi pomwe anamgwira ukaidi, ndipo Angerezi anachotsa mzinga ndi zitsulo zina za injini ya sitimayo. Iyi inali imodzi mwa nkhondo zoyambirira za pamadzi m'nkhondo yonseyo.

Phindu lake linaoneka msanga. Angerezi anatha kutumiza asilikali a King's African Rifles pa sitima mpaka ku Karonga, ndipo pa 9 Seputembala 1914 anabweza Ajeremani amene anadzathira nkhondo boma la Karonga.

M'chaka cha 1915 sitima za pa nyanja zinaikidwa m'manja mwa msilikali wa pamadzi wochokera ku New Zealand, George Dennistoun. Poopa kuti Ajeremani angakonzenso sitima yawo, iye anabwerera ku Sphinxhafen pa 30 Meyi 1915 ndi asilikali, nakaiononganso ndi mabomba. Kuyambira pamenepo nyanja yonse inali ya Angerezi. Mu 1916, pamene Jenerale Edward Northey analowa ndi gulu lake m'dziko la Ajeremani, Guendolen pamodzi ndi sitima zina, monga Chauncy Maples ya mishoni ya UMCA, zinkanyamula asilikali, chakudya ndi zida kupita nazo kumpoto.

Apa ndi pamene nkhaniyi ikufikira m'midzi yathu. Sitima imathera pa gombe. Kuchokera pa gombe mpaka kumene kunali nkhondo, katundu wambiri ankayenda pa mitu ya anthu, amtengatenga. Akatswiri a mbiri amati amuna pafupifupi 200,000 a dziko lino anagwira ntchito imeneyi pa nkhondo yomwe makolo athu ankaitcha ya Chiwaya. Mafumu m'maboma onse, kuphatikizapo lino la Lilongwe, ankakakamizidwa kupereka anthu ndi chakudya. Ambiri anafera m'njira ndi njala, kamwazi ndi chibayo, ndipo minda kumudzi inatsala yopanda olima. John Chilembwe anadandaula poyera mu 1914 kuti Afirika akukhetsa mwazi pa nkhondo yosakhala yawo.

Nkhondo itatha mu 1918, Guendolen inasanduka sitima ya boma yonyamula anthu ndi katundu, mpaka anaiphwasula m'zaka za m'ma 1940. Mbiri yake mungathe kuiona ku nyumba yosungiramo zakale ya Lake Malawi Museum ku Mangochi.

Maina a Rhoades ndi Dennistoun analembedwa m'mabuku, koma maina a amtengatenga ambiri sanalembedwe paliponse. Amene anawasunga ndi mabanja awo okha, ndipo agogo amene anamva nkhanizi kwa makolo awo akutha. Anzathu, pa tchuthi chikubwerachi funsani akuluakulu a ku Mitundu, ku Nathenje ndi kwanu konse ngati m'banja mwanu munali wina amene anapita ku Chiwaya. Lembani dzina lake, mudzi wake ndi mfumu yake, ndiponso ngati anabwerera.