Njira za Nyalugwe ndi Makala a Mumzinda

Makolo athu ankamudziŵa bwino nyalugwe, amene ena amamutcha kambuku. Chikopa chake chinali chizindikiro cha ufumu, ndipo dzina lake likadali m'nthano zathu. Koma mwana wobadwira ku Biwi kapena ku Area 23 lero angathe kukula mpaka kukhala ndi banja osaonapo ngakhale phazi lake padothi. M'nkhani ino tifuna kulongosola chimene chikutha chilombochi, ndi kuonetsa kuti mlandu wake suthera kunkhalango, koma ukufika mpaka pakhomo pathu mumzinda muno.

Nkhalango imodzi sikwanira

Nyalugwe ndi nyama yoyenda yokha. Wamphongo amakhala ndi dera lake lalikulu limene amalilondera, ndipo salola wamphongo mnzake kukhazikikamo. Ana akafika chaka ndi theka kapena zaka ziŵiri amasiyana ndi mai wao, ndipo aamuna makamaka amayenda ulendo wautali kukafuna dera lopanda mwini. Ulendo umenewu ndiwo umasunga mtundu wao, pakuti umasakaniza magazi a m'nkhalango zosiyana.

Tsono nkhalango ikadulidwa m'zidutswa, minda ndi misewu n'kuloŵa pakati, zinthu zitatu zimachitika. Poyamba, agwape, mbaŵala ndi nguluwe zimachepa chifukwa cha misampha, motero nyalugwe amatembenukira ku khola la mbuzi, ndipo mwini khola amabwezera ndi poizoni. Chachiŵiri, mwana wofuna dera amafera panjira. Chachitatu, otsala m'chidutswa chimodzi amaberekana pachibale, ndipo mbeu yao imafooka. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2021 anapeza kuti m'nkhalango ya Kasungu, imene ili ndi mahekitala oposa 230,000, munali anyalugwe aŵiri okha pa mahekitala 10,000 alionse. Ngati malo aakulu chotere akusunga ochepa motero, nanga kachidutswa kangasunge angati?

Phunziro lochokera kutali

Ku America kuli mbale wake wa nyalugwe wotchedwa jaguar, amene amapezeka kuyambira ku Mexico mpaka ku Argentina, ndipo wataya pafupifupi theka la malo amene ankakhalamo kale. Mu 1986 dziko la Belize linapatula chigwa cha Cockscomb kuti chikhale malo oyamba otetezera nyamayi, potsatira ntchito ya katswiri Alan Rabinowitz. Pambuyo pake akatswiri atayeza magazi a nyamazi anaona kuti za kumpoto ndi za kumwera ndi mtundu umodzi, kusonyeza kuti zinkayenderana kudutsa m'maiko ambiri. Kuyambira pamenepo maganizo anasintha: kuteteza nkhalango payokhapayokha sikokwanira, koma tiyenera kusunganso njira zozilumikiza, ngakhale zitadutsa m'minda ya anthu.

Kwathu kuno tayesa njira ziŵiri. Ku Majete, kumene anyalugwe anali atatheratu, bungwe la African Parks linabweretsa asanu ndi mmodzi kuchokera ku South Africa mu 2011 ndi 2012. Koma Majete ndi wozingidwa ndi mpanda, kotero magazi atsopano ayenera kubwera ndi manja a anthu. Njira ina ndi pangano la 2015 pakati pa Malaŵi ndi Zambia, limene mwa zina lifuna kuti nyama zizitha kuyenda pakati pa Kasungu ndi Lukusuzi. Imeneyi ndiyo ikufanana ndi phunziro la jaguar.

Dzalanyama ndi mbaula zathu

Nkhalango yaikulu yoyandikana ndi Lilongwe ndi Dzalanyama, kumalire ndi Mozambique. Inapatulidwa mu 1922, ndipo ili ndi mahekitala pafupifupi 99,000. Dzina lake lokha likuchitira umboni za nyama zimene zinalimo. Mtsinje wa Lilongwe umachokera komweko, ndi kudzaza madamu a Kamuzu ku Malingunde, kumene kumachokera madzi a m'mipopi yathu.

Likulu litasamukira ku Lilongwe mu 1975 mzinda unakula msanga, ndipo kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 990,000. Ambiri a iwo amaphika ndi makala. Aliyense wodzuka m'mamaŵa ku Chinsapo waonapo mzere wa njinga zolemedwa ndi matumba zikuloŵa mumzinda. Matumbawo amathera m'timapepala togulitsidwa ku Kawale, ku Mgona ndi ku Area 25. Uvuni uliwonse umadya mitengo ya mombo ndi tsamba, n'kusiya dazi pakati pa nkhalango. Madazi akalumikizana, nkhalango imodzi imasanduka zidutswa. Mu 2015 asilikali anatumizidwa kukalondera Dzalanyama, ndipo mu 2020 lamulo la nkhalango linakhwimitsidwa, koma makala sanaleke kubwera, chifukwa ogula akadalipo.

Pano tiyenera kuweruza mwachilungamo. Mai wa ku Mgona sagula makala chifukwa chodana ndi mitengo, koma chifukwa nyumba yake ilibe magetsi ndipo gasi sangamukwanitse. Wootcha makala nayenso amasakira ana ake chakudya. Kuteteza nyama kumene kungalemetse amphaŵi okhaokha sikungakhalitse, ndiponso sikolungama.

Zimene zatsala

Komabe si zonse zatha. Pakati penipeni pa mzinda, m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi, patsala nkhalango imene imasamalidwa ndi Lilongwe Wildlife Trust, ndipo afisi akadakhala mumzinda muno, akuyenda usiku motsatira mitsinje. Iwo akutiphunzitsa kuti mzere wa mitengo ndi bango m'mphepete mwa madzi ndi msewu wa nyama. M'midzi yozungulira mzinda, mitengo yachilengedwe yatsala kwambiri kumanda, kumene mwambo umaletsa nkhwangwa. Makolo anadziŵa kuti pali malo amene munthu sayenera kuwakhudza, ndipo ulemu umenewo wasunga mitengo imene malamulo olembedwa analephera kuisunga.

Choncho ntchito ili patatu. Boma ndi makampani atsitse mtengo wa gasi ndi magetsi, ndi kuchulukitsa makala achilolezo ochokera ku mitengo yobzalidwa. Khonsolo ya mzinda ndi mafumu aletse kumanga ndi kulima m'magombe a Lilongwe ndi Lingadzi. Ife ogula tigwiritse ntchito mbaula zosatha makala, ndipo tizifunsa kumene thumba lachokera. Sitikunena kuti nyalugwe adzabwerera ku Kawale, ndipo palibe amene akufuna zimenezo. Tikunena kuti nkhalango yolumikizana, imene ingathe kusunga nyalugwe, ndi yomweyo imene imasunga akasupe. Ikadzatha Dzalanyama, mpopi wa ku Area 23 udzauma pamodzi nayo.