Malire a phungu si malire a mfumu

Ndakhala zaka zambiri ndikuyenda m'midzi kuphunzitsa anthu za chisankho, koma funso limene linandigwira pakhosi ndinalimva kwa Inkosi Champiti ku Ntcheu. Tinali pansi pa mtengo wa mango, mapu nditawatsamiritsa pa njinga. Bambo wina wachikulire anavula chipewa nati, "Aphunzitsi, mukati malire asintha, ndiye kuti ife mwatilanda kwa a Champiti n'kutipereka kwa mfumu ina?"

Ayi, bambo. Ufumu ndi wa magazi, ndipo a Champiti ali pansi pa Inkosi ya Makosi Gomani monga kale. Dera la phungu ndi nkhani ya chiwerengero cha anthu makamaka.

Amene amadula malirewa ndi bungwe loyendetsa chisankho la MEC, ndipo Gawo 76 la malamulo aakulu a dziko lino limawauza chochita: madera onse akhale ndi anthu oyenera kuvota ofanana kapena oyandikana kuchuluka kwake. Chifukwa chake n'chosavuta. Phungu aliyense ali ndi voti imodzi ku Nyumba ya Malamulo. Ngati wina akuimira anthu ochepa pomwe mnzake wasenza khamu lowirikiza katatu, voti ya munthu wa dera lalikulu lija yapepuka. Koma lamulo limadziwanso kuti anthu sayenda pa pepala. Limalola kuganizira mapiri, mitsinje, misewu ndi malire a boma ndi a mafumu amene alipo kale. Kuno ku Ntcheu zimenezi si zamasewera. Munthu wa ku chigwa cha Bwanje ndi wa kumapiri a kumalire ndi Mozambique angaoneke oyandikana pa mapu, koma mvula ikagwa mtsinje umodzi umawalekanitsa sabata yathunthu.

Mu 1994 dziko lino linali ndi madera 177. Mu 1999 anafika 193, ndipo anakhala choncho zaka zoposa makumi awiri, Ntcheu ili ndi asanu ndi awiri. M'zaka zonsezo ana anabadwa, matauni anakula, malire osagwedezeka. Atawunikanso potengera kalembera wa anthu wa 2018, madera anafika 229, omwe tinavotera pa 16 September 2025. Ambiri sadziwa kuti aphungu amangovomereza malirewa. Alibe mphamvu yosuntha mzere pawokha popanda MEC. Ndipo n'zoyenera, poti fisi sungamutume kulondera khola.

Chimene chimandiwawa n'chakuti tikamaliza za malire, mafunso amatembenukira ku bokosi la maliro ndi galimoto yonyamula odwala zimene anthu amayembekezera kwa phungu. Sindikunyoza, umphawi ulipo. Koma ntchito yomwe timamutumira phungu ndi kupanga malamulo, kuvomereza bajeti ndi kufunsa nduna kumene ndalama zapita. Za mjigo wowonongeka ndi msika wopanda chimbudzi, yambani mwagogoda kwa khansala wa wodi yanu. Mwina tinamuiwala chifukwa kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko linakhala lopanda makhansala.

Kumbukiraninso kuti lamulo la 50+1, loti wopambana apeze mavoti oposa theka, ndi la pulezidenti yekha. Phungu amapambana ngakhale ndi voti imodzi yoposa mnzake, ndipo Gawo 64 lomwe linkalola anthu kumuchotsa nthawi isanakwane linafafanizidwa mu 1995. Mukamusankha, ndi wanu zaka zisanu.

Tsono mukadzamva kuti a MEC abwera ndi mapu kuboma, musadzasiyire mafumu ndi andale okha. Pitani mukaloze nokha mtsinje umene umakutsekerezani.