KHASU SILILIMA LOKHA

Wolemba Mlangizi wa za Ulimi

Kawirikawiri ife alangizi tikafika pa mudzi timakamba za mizere, za manyowa, za mbewu ndi za anankafumbwe. Lero ndiloleni ndikambe za mwini khasu, pakuti ndaona minda yambiri yokonzedwa bwino ikusanduka tchire chifukwa cha matenda ndi kutalika kwa njira ya ku chipatala.

Chaka china m'mwezi wa Januwale ndinapita kukayendera minda m'mudzi wina wa kumapiri m'boma la Ntcheu. M'mudzimo munali bambo ena amene ndinkawanyadira kwabasi, chifukwa anatsata zonse zimene tinaphunzitsa: mizere yotalikirana masentimita 75, mapando otalikirana masentimita 25, mbewu imodzi pa phando. Ndinayembekeza kupeza chimanga chobiriwira. Koma ndinapeza udzu utapitirira chimanga, masamba ali achikasu, ndipo thumba la feteleza wobereketsa linali chimangire pakhonde.

Ndinawafunsa kuti, "Bambo, kodi kwagwanji kuno?"

Iwo anati, "Alangizi, musatiyese aulesi. Mwana wathu wamng'ono anatentha thupi Lachiwiri usiku. Tinati tione kukacha. Kutacha mvula inali ikugwabe, mtsinje utadzaza, tsono tinangomumwetsa mankhwala a pa golosale. Lachisanu anayamba kukomoka. Tinamunyamula ine ndi amake, kuoloka madzi a m'chiuno, makilomita 14 wapansi. Ku chipatala chaching'ono anati magazi amuchepera, natitumiza ku chipatala chachikulu. Kumeneko tinakhala masabata awiri. Pobwera, amake nawonso anagona ndi malungo. Nanga munda akanapalira ndani?"

Mwanayo anachira, ndipo lero ali pa sukulu. Koma chaka chimenecho nkhokwe ya bambowo sinafike ndi pakati pomwe. Mbuzi ziwiri zinagulitsidwa, ndipo dzinja lotsatira iwo ankapalira minda ya eni pa ganyu, wawo uli kulira khasu. Malungo a mwana mmodzi anadya zokolola za zaka ziwiri.

MATENDA AMADZA NTHAWI YA KUPALIRA

Taganizani bwino, anzanga. Kodi matenda amachuluka liti m'midzi mwathu? Ndi m'dzinja. Udzudzu umaswana m'madzi odikha, chotero malungo amakula kuyambira Januwale mpaka Epulo. Madzi a mvula amakokolola zonyansa za kutchire ndi kuzitsira m'zitsime, ndipo kutsegula m'mimba kumayamba. Nkhokwe zimakhala zitapepuka, anthu akudya kamodzi pa tsiku, thupi lilibe mphamvu yolimbana ndi nthenda. Ndiponso nthawi yomweyo mitsinje imadzaza, milatho imagumuka, galimoto siifika.

Tsono nthawi yomweyo ndiyo imene chimanga chimafuna mwini wake tsiku ndi tsiku. Kupalira koyamba kumafunika pasanathe masabata atatu chimanga chitamera, ndipo feteleza wobereketsa amathiridwa cha pomwepo. Mukachedwa masabata awiri, udzu wadya kale chakudya cha mbewu. Chimanga sichidikira kuti wodwala achire.

Sitinaiwale kolera imene inabuka mu 2022 nipitirira mpaka 2023, ndi kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Sitinaiwalenso namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, amene anadula misewu ndi milatho ku Phalombe, Mulanje, Chikwawa ndi Nsanje, kotero kuti midzi yambiri inakhala masiku osatha kufika ku chipatala. Walira mvula walira matope. Popeza tidziwa kuti matope adzabwera, nzeru ndi kukonzekera kusanagwe mvula, monga momwe timasosera ndi kugalauza m'chilimwe.

TACHOKERA KUTALI

Funsani agogo anu akuuzeni za kale. Wodwala ankamunyamula pa machira ulendo wa tsiku lathunthu kumka ku chipatala cha mishoni. Nthomba ndi chikuku zinkalowa m'mudzi ndi kusesa ana. M'zaka za m'ma 1960 Boma linalemba anthu oyenda m'midzi kutemera nthomba, ndipo kolera itabuka mu 1973 linalembanso ena othandiza kuthana nayo. Ntchito imeneyo ndiyo inakula kufikira tili ndi anzathu aja timawatcha alangizi a za umoyo, amene amayendetsa sikelo ya ana, katemera ndi ukhondo wa m'midzi.

Mu 2008 Boma linayamba kutsegula zipatala za m'midzi m'madera ovuta kufikako. Chipatala cha m'mudzi si nyumba yaikulu ayi. Ndi mlangizi wa za umoyo wophunzitsidwa, bokosi la mankhwala ndi kaundula. Iye amaona ana oyambira miyezi iwiri mpaka zaka zisanu. Mwana wotentha thupi amamuyeza magazi a pa chala, ndipo akapezeka ndi malungo amampatsa LA, mankhwala amene analowa m'malo mwa Fansidar mu 2007. Mwana wotsokomola amamuwerenga kapumidwe kuti aone ngati ndi chibayo. Wotsegula m'mimba amampatsa Thanzi ORS ndi zinki. Akaona kuti nthenda yakula, amalemba kalata yotumiza mwanayo ku chipatala msanga. Zonsezi n'zaulere.

Zipatso zake zaoneka. Kafukufuku wa Boma wa mu 1992 anapeza kuti mwa ana 1,000 obadwa amoyo, 234 ankamwalira asanakwane zaka zisanu. Kafukufuku wa mu 2015 ndi 2016 anapeza 63. Mu 1992 amayi 55 mwa 100 ankachirira ku chipatala, koma pofika 2016 anali 91 mwa 100. Pa nkhani ya uchembereyi mafumu anagwira ntchito yaikulu, ndipo kwathu kuno ku Ntcheu aliyense adziwa m'mene Inkosi Kwataine inalimbikira kuti amayi asiye kuchirira pakhomo. Mu Epulo 2019 dziko lathu linakhala loyamba kupereka katemera wa malungo pa sikelo ya ana, ndipo mwambo wake unachitikira ku Mitundu m'boma la Lilongwe.

KOMA MAVUTO ALIPOBE

Tisanamizane. Midzi yambiri ikadali kutali ndi chipatala. Chipatala cha m'mudzi sichiona akuluakulu, ndipo sichichiritsa amayi oyembekezera. Nthawi zina bokosi la mankhwala limauma. Nthawi zina ambulansi imaitanidwa koma ili kwina, kapena msewu sulola. Ndipo vuto limene ndalipeza kawirikawiri ndi ili: mlangizi wa za umoyo alipo ndithu, koma amagona kutali ku malo a malonda chifukwa m'mudzimo mulibe nyumba yoti akhalemo. Amafika masiku awiri pa sabata, pamene malungo amabwera usiku osagogoda.

M'mudzi wa bambo aja zinthu zinali choncho. Mlangizi wawo ankakhala tsidya lina la mtsinje womwe uja unawatsekereza.

ZIMENE MUDZIWO UNACHITA

Atakolola, a Nyakwawa anaitana anthu onse pa bwalo, ndipo anatiitana ife awiri, wa za ulimi ndi wa za umoyo. Bambo aja anaimirira nafotokoza zonse zimene zinawagwera. Mayi ena okalamba anati, "Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ana athu tonse amamwa chitsime chimodzi." Tsiku limenelo anapangana zinthu zinayi.

Choyamba, anamanga nyumba ya mlangizi wa za umoyo. A Nyakwawa anapereka malo. M'mwezi wa Julayi ndi Ogasiti, ntchito ya kumunda itachepa, amuna anaumba zidina, amayi anatunga madzi, ndipo banja lililonse linasonkha ndowa ya mtedza kuti agule malata. Anamanganso kachipinda koonera ana, kuti asamaonedwere pansi pa mtengo mvula ikugwa. Pofika Novembala mlangiziyo anasamukiramo ndi banja lake.

Chachiwiri, anakonza njira. Anakwirira zigwembe, anatsegula ngalande za m'mbali, ndipo pa malo opapatiza a mtsinje anaika ulalo wa mitengo yolimba pamwamba pa pamene madzi amalekeza. Ulalowo supitika ndi galimoto, koma munthu wobereka mwana kapena wokankha njinga amaoloka.

Chachitatu, gulu la banki mkhonde linapatula thumba la matenda. Sabata iliyonse membala amaponyamo kangachepe, ndipo ndalamayo siikongozedwa pa malonda. Ntchito yake ndi kulipira njinga yamoto usiku, ndi kugula chakudya cha wodikirira matenda. Kale munthu ankayamba wafuna wogula nkhuku asananyamuke, ndipo tsiku linkatha akutsatsa.

Chachinayi, anadzutsa dima. Anapangana kuti banja likagonekedwa ku chipatala nthawi ya kupalira, anzawo a m'limana adzalowa m'munda mwawo m'mawa umodzi. Makasu 15 amamaliza ekala dzuwa lisanatenthe. Chimenechi chinachotsa mantha aja amene amachititsa munthu kunena kuti, "Ndiyambe ndatsiriza ndime iyi, ku chipatala tipita mawa."

Dzinja lotsatira malungo anabweranso monga mwa nthawi zonse. Koma ana ankaonedwa tsiku lomwelo, ndipo ambiri ankachira ali pakhomo, amayi awo nabwerera kumunda patapita masiku atatu. Mabanja awiri anagonekedwa ku chipatala chachikulu, koma minda yawo inapaliridwa. Mutu umodzi susenza denga.

ZOYENERA KUCHITA BANJA LILILONSE MVULA ISANAGWE

1. Onani masikito anu. Ong'ambika asokeni. Aliyense agone m'masikito usiku uliwonse, makamaka ana ndi amayi oyembekezera. Ine poyendera madimba ndimapeza masikito atatchingira nazale ya tomato ndi makola a anapiye. Tomato mwamuteteza, nanga mwana?

2. Konzani chimbudzi nthaka ikadali youma. Chifoleredwe bwino kuti chisagwe ndi mvula, chikhale ndi chivindikiro, ndipo panja pake pakhale mpondagiya ndi sopo kapena phulusa. Mudzi usonkherane kukonza mjigo usanafe. Madzi akumwa athireni kolorini kapena awiritseni.

3. Sungani chakudya cha wodwala ndi cha ana. Musagulitse mtedza, soya ndi nyemba zonse. Futsani masamba. Bzalani mbatata yofiira m'kati, monga Kadyaubwerere kapena Zondeni, pakuti ili ndi vitamini A. Phala la mgaiwa lotsira nsinjiro limalimbitsa mwana kuposa phala la ufa woyera. Mtedza wa chuku musadyetse ana.

4. Mayi woyembekezera ayambe sikelo miyezi itatu isanathe. Kumeneko amalandira masikito, mankhwala oonjezera magazi ndi Fansidar woteteza ku malungo. Ngati mwezi wake wochira ugwa m'dzinja ndipo kwanu n'kutali, apite kukadikirira ku chipatala mwezi wachisanu ndi chinayi ukangoyamba. Abambo, ufa, nkhuni, ndiwo ndi nsalu za ulendowu ndi udindo wanu, ndipo zikonzedwe pa nthawi yokolola. Ngati chipatala chapafupi ndi cha mishoni, funsani, pakuti kuyambira 2006 Boma lakhala likupangana ndi zipatala zambiri za mishoni kuti amayi oyembekezera azithandizidwa osalipira.

5. Mwana akatentha thupi apite tsiku lomwelo. Mankhwala a pa golosale amangoziziritsa thupi, malungo ali m'kati kudya magazi. LA amamwa kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, ndipo amalize onse ngakhale ayambe kusewera. Musagawireko mwana wina.

6. Dziwani zizindikiro zoopsa. Mwana akakomoka, akalephera kuyamwa kapena kumwa, akamasanza chilichonse, akalefuka osadzuka, kapena akamabanika chifuwa chikulowa m'kati, nyamukani nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku. Wotsegula m'mimba muzimumwetsa Thanzi ORS, paketi imodzi m'lita imodzi ya madzi abwino, ndipo muzimumwetsabe m'njira monse.

7. Buku la ku chipatala la aliyense likhale m'pepala la pulasitiki, pa malo odziwika ndi onse a m'nyumba. Dziwiranitu wa njinga amene mungamudzutse usiku.

MAU KWA MAFUMU

Inu a Nyakwawa ndi a Gulupu, bwalo ndi lanu. Musadikire maliro kuti mukambe za njira ya ku chipatala. Itanani anthu mwezi uno dzuwa likadali kuwala. Funsani komiti ya za umoyo ya m'mudzi mwanu mafunso awa: Kodi mlangizi wathu amagona kuti? Kodi m'bokosi mwake muli mankhwala? Kodi mtsinje ukadzaza tidzaolokera pati? Kodi ndi amayi angati adzachira pakati pa Disembala ndi Malichi? Zimene mudzi sungathe paokha, monga mlatho wa simenti kapena mjigo watsopano, zilembedwe ndi kupita nazo ku komiti ya chitukuko ya dera lanu kuti zikafike ku khonsolo. Koma zidina, ngalande, ulalo ndi dima sizilira chilolezo cha munthu.

Bambo aja ndinakumana nawo pa msika atakolola chaka chachitatu. Anandigwira dzanja nati, "Alangizi, chaka chino nkhokwe yadzaza. Mudzabwere mudzaone." Ndinapita, ndipo ndinaona. Mbewu inali yomweyo, feteleza yemweyo, munda womwewo. Chinasintha n'chakuti eni khasu anali pa ndime tsiku lililonse la kupalira.

Tsono pamene mukusosa ndi kugalauza chaka chino, patulani masiku awiri kapena atatu a ntchito ya umoyo wa mudzi. M'mera mpoyamba.