Funso la pabawo limene silifika kuchipatala

Pabawo ku Liwonde, kapena pamthunzi pamene akabaza amadikirira makasitomala pa Balaka, nkhaniyi imalowa ngati nthabwala. Wina akangotchula mawu oti mathanyula, anzake amafa nacho chiseko, wina n'kulavula malovu. Phokoso likazizira, mmodzi amafunsa mozembera: koma zimatheka bwanji bambo wapabanja, wa ana ake, n'kukhalanso ndi chibwenzi chachimuna? Akatero mafunso amangotsatizana, ofuna kudziwa chilichonse, kuchokera kwa anthu omwewo amene angolumbira kumene kuti nkhaniyi imawachititsa nseru.

Chidwichi chidakula mu Julayi 2023, atsogoleri a mipingo ndi a Chisilamu atatsogolera zionetsero zokana maukwati a amuna kapena akazi okhaokha. Chidabukanso pa 28 Juni 2024, khoti lounika malamulo oyendetsera dziko litakana pempho loti malamulo oletsa kugonana kwa amuna okhaokha athetsedwe, lochokera kwa Jan Willem Akster ndi Jana Gonani, yemwe mlandu wake udayambira ku Mangochi, boma loyandikana ndi Balaka. Gawo 153 la Penal Code, loletsa mchitidwewu, lidakalipo, ndipo chilango chake chimafika zaka 14. M'mawailesi anthu adakangana za tchimo, za chikhalidwe ndi za lamulo. Za thupi la munthu, zii.

Chikhalirecho yankho la funso la pabawo lidapezeka kalekale. Mu 2008 bungwe la CEDEP, mogwirizana ndi akatswiri a yunivesite ya Johns Hopkins, lidachita nawo kafukufuku wa amuna 537 ogonana ndi amuna anzawo m'Malawi, Namibia ndi Botswana. Oposa theka, 53.7 pa 100 aliwonse, adavomera kuti pa miyezi isanu ndi umodzi yapitayo adagonana ndi amuna komanso akazi. Pafupifupi mmodzi mwa atatu aliwonse adali pabanja kapena adali ndi chibwenzi chachikazi chokhazikika. Mwa Amalawi amene adayezedwa magazi, 21.4 pa 100 adapezeka ndi HIV. Kafukufuku wa dziko lonse wa MPHIA wa 2020 mpaka 2021 adapeza 8.9 pa 100 mwa akuluakulu onse.

N'chifukwa chake azaumoyo salimbana ndi dzina limene munthu amadzitcha. Iwo amangoti amuna ogonana ndi amuna anzawo, chifukwa ena mwa amenewa ndi anthu oti pachinkhoswe adavina, ku mzikiti kapena kutchalitchi salephera, ndipo mukawatcha mathanyula mukhoza kumenyana nawo.

Zoti mchitidwewu udabwera ndi mafoni kapena azungu a mabungwe n'zongodzitonthoza. Olemba mbiri, monga Marc Epprecht, adafotokoza za maukwati a amuna okhaokha m'makomboni a migodi ku Joni, makomboni omwewo amene azigogo athu a Wenela ankagonamo kwa miyezi ndi zaka popanda akazi awo. Kontirakiti ikatha, amuna ankabwerera kwawo, kwa akazi awo.

Koma bodza limene likupha anthu ndi lina. Pali amuna, ophunzira omwe, amene amakhulupirira kuti kachilombo kamakhala mwa mkazi, ndiye kugonana kodzera kumbuyo n'kosaopsa. Amati komwe kulibe mimba kulibenso matenda. Ena amachita zimenezi ndi akazi kumene, ati pozemba pathupi, kondomu ili m'thumba. Maganizo amenewa ndi otembenuza zoona chadodolido.

Mkati mwa njira ya amayi muli khungu la maselo osanjikizana mizere yambiri, ngati khoma la njerwa zingapo, ndipo thupi limatulutsa lokha madzi ochepetsa kukhulana. Mkati mwa njira ya chimbudzi khungulo ndi la mzere umodzi wokha wa maselo. Lidapangidwa lopyapyala dala, chifukwa ntchito ya matumbo ndi kuyamwa madzi ndi mchere kuti zilowe m'magazi. Madzi ofewetsa okwanira kulibe. Kukhulana pang'ono chabe kumasiya timing'alu tosaoneka ndi maso, tosatulutsa ngakhale dontho la magazi loti munthu n'kuzindikira.

Kuseri kwa khoma lopyapyalalo ndi kumene kuli msasa waukulu wa asilikali a m'thupi. Poti m'matumbo mumadutsa tizilombo tosawerengeka tsiku lililonse, thupi lidaunjika kumeneko maselo ambiri a CD4, omwe aja amene achipatala ankawerenga asanamuyambitse munthu ma ARV. Amenewa ndiwo chakudya cha HIV. Kachilombo kobwera mu umuna sikayenda mtunda: kangodutsa mng'alu, kapeza maselo ali chire, kalowamo n'kuyamba kuswana. Munthu akangotenga HIV, m'masabata oyambirira maselo a CD4 a m'matumbo ndi amene amatha mofulumira kuposa a m'magazi.

Bungwe la CDC la ku America lidaphatikiza zotsatira za kafukufuku wosiyanasiyana mu 2014 n'kupeza ziwerengero izi. Pa maulendo 10,000 ogonana popanda kondomu ndi munthu amene ali ndi HIV koma sakumwa mankhwala, mkazi wogonedwa kutsogolo akhoza kutenga kachilombo maulendo 8. Wolowedwa kumbuyo, kaya ndi mwamuna kaya ndi mkazi, maulendo 138. Kusiyana kwake n'koposa ka 17. Mwamuna wolowayo nayenso asadzinamize: kutsogolo chiopsezo chake ndi 4, kumbuyo ndi 11.

Kuno ku Machinga ndi Balaka bodzali lili ndi mnzake, ndiye jando. Mwamuna wodulidwa amayenda modzithemba ngati adalandira katemera. N'zoona kuti kafukufuku wa ku Orange Farm ku South Africa, ku Kisumu ku Kenya ndi ku Rakai ku Uganda, pakati pa 2005 ndi 2007, adaonetsa kuti mdulidwe umachepetsa ndi pafupifupi 60 pa 100 mpata woti mwamuna atenge HIV kuchokera kwa mkazi. Umachepetsa, suthetsa. Ndipo kwa munthu amene akulowedwa kumbuyo, mdulidwe wake ulibe ntchito n'komwe, chifukwa kachilombo sikakudzera kumene ngaliba adadula.

Ngakhale ovala kondomu ambiri amaiwononga okha. Pofuna kufewetsa amatenga Vaseline, mafuta odzola kapena ophikira, osadziwa kuti mafuta amafooketsa mphira wa kondomu m'kanthawi kochepa mpaka kuphulika. Malovu amauma msanga. Zofewetsera zoyenera ndi zopangidwa ndi madzi, zimene m'magolosale a pa Ntaja kapena pa Ulongwe si zinthu zoti munthu n'kungozipeza pashelefu, ndipo wozifunsa amaopa maso a wogulitsa.

Manthawa amamuperekeza mpaka m'chipinda cha dokotala. Mwamuna amene watenga chinzonono kapena njerewere kumbuyo amafika n'kunena kuti akumva m'mimba kapena ali ndi mudzi, n'kubwerera ndi mankhwala a matenda amene alibe. Chinzonono cha kumbuyo nthawi zambiri sichionetsa zizindikiro, koma chimatupitsa khungu lija n'kutsegulira HIV khomo.

Thandizo lilipo. Kuyezetsa magazi n'kwaulere ku chipatala chachikulu cha Machinga ku Liwonde, ku chipatala cha Balaka ndi m'zipatala zing'onozing'ono. Amene alibe kachilombo akhoza kufunsa za PrEP, mankhwala omuteteza kuti asakatenge, ndipo amene kondomu yamuphulikira ali ndi maola 72 oti ayambe PEP, yomwe imamwedwa masiku 28. Womwa ma ARV mokhulupirika mpaka kachilombo kosaonekanso m'magazi sapatsira mnzake pogonana.

Amuna ambiri a pabawo aja safika kumeneko. Kuyambira mu 2011, pamene Malawi adayambitsa ndondomeko ya Option B+ yoyambitsa ma ARV mayi aliyense woyembekezera amene wapezeka ndi HIV, m'mabanja ochuluka woyamba kubayidwa chala amakhala mkazi, tsiku limene wapita kukayamba sikelo. Zotsatira zikatuluka zoipa, iye ndi amene amabwerera nazo kunyumba, ndipo ankhoswe akakhala pansi, mafunso oyamba amalunjika kwa iyeyo.