Galu wa ntchito sadziwika ndi maonekedwe

TSANGANO: Mbatata ya kachewere ikagulidwa bwino pa msika wa Tsangano Turn-off, anyamata ena amayamba kulota galu wachizungu. Wina afuna Boerboel wa chifuwa chachikulu monga amene anaona ku Joni, wina afuna Greyhound wa miyendo italiitali. Musanatulutse ndalama, abale, funsani funso limodzi: kodi galuyo adzagwira ntchito yanji pakhomo panu?

Galu wa masewera amaweteredwa chinthu chimodzi basi. Greyhound amatha kuthamanga liwiro lofika makilomita 70 pa ola, koma kwa kanthawi kochepa ndiponso pa bwalo losalala. Khungu lake ndi lopyapyala, mafuta m'thupi alibe. M'mapiri athu a miyala ndi minga amachekeka msanga, ndipo chisanu cha mwezi wa Juni kuno ku Tsangano chimamzunza. Agalu a pa chionetsero nawonso amapatsidwa mphotho chifukwa cha ubweya, makutu ndi kaimidwe. Woweruza safunsa ngati galuyo angapirikitse nyani m'munda.

Galu wa ntchito amayesedwa kumunda ndi kukhola. Alimi a ku Furancungo, m'boma la Macanga, amadziwa kuti chimanga chikayamba kukhwima, anyani amabwera masana ndipo nguluwe zimabwera usiku. Pamenepo pafunika galu wopirira, wogona pa msasa osathawira kumudzi, womva mluzu wa mbuye wake. Akhale wodziwa mbuzi ndi nkhuku za pakhomo, osazigwira. Akhale wosauwa chisawawa, chifukwa galu wouwa mwezi ndi mphepo amagonetsa anthu tulo tsiku limene fisi wafikadi pa khola. Paja akulu anati galu wamkota sakandira pachabe.

Ntchito zimenezi galu wathu wa m'mudzi amazitha. Akatswiri a ku South Africa anamutcha dzina loti Africanis. Makolo ake akhala ndi anthu a kuno zaka mazanamazana, choncho thupi lake linazolowera dzuwa, mtunda wautali ndi chakudya cha pakhomo, ndipo amapirira matenda a nkhupakupa kuposa agalu ambiri obwera. Boerboel wamkulu amalemera makilogalamu oposa 50. Mkute wa nsima sungamukwane, ndipo galu wamkulu wanjala amayamba ndi nkhuku za mwini wake.

Komabe tisanene kuti galu wakunja aliyense ndi wa masewera. Nkhondo itatha mu 1992, misewu ndi minda yambiri inali ndi mabomba okwirira. Bungwe la Ajuda Popular da Noruega, limene linayamba ntchito yochotsa mabombawo m'chigawo cha Tete mu 1993, linagwiritsanso ntchito agalu onunkhiza. Galu wotere amayenda pang'onopang'ono, mphuno pansi. Akamva fungo la onga amaima n'kukhala pansi, osakumba. Akati achite chibwana, afa iye pamodzi ndi womugwira. Agalu otero anathandiza nawo mpaka mu 2015, pamene boma la Mozambique linalengeza kuti malo onse odziwika kuti munali mabomba ayeretsedwa. Amenewo anali agalu a ntchito enieni, ngakhale mtundu wawo unali wachilendo.

Choncho posankha kagalu, onani makolo ake. Ngati mayi wake amalonda munda, mwanayo muli naye chiyembekezo. Kaleredwe nakonso n'kofunika: kagalu kakulire pafupi ndi ziweto, kayende ndi galu wamkulu wodziwa ntchito, kadye tsiku lililonse. Ndodo imabala galu wamantha kapena woluma ana.

Chomaliza ndi katemera wa chiwewe. Bungwe la za umoyo pa dziko lonse, OMS, limati matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ndipo pafupifupi onsewo amawatenga kwa agalu. Kuno agalu amaoloka malire a Ntcheu popanda wowafunsa chiphaso. A za ziweto akalengeza katemera, pitani naye galu wanu. Munthu akalumidwa, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi kwa mphindi 15, kenaka thamangani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Zizindikiro za chiwewe zikaoneka, mankhwala palibe. Galu wosabayidwa, kaya ndi mlonda wabwino chotani, angathe kubweretsa maliro pakhomo pomwe akulonderapo.