Kodi ma black hole ena adabadwa nyenyezi zisanakhaleko?

Mwala ukagwa m'damu la m'minda ya tiyi ku Thyolo, mafunde amafika kugombe. M'mlengalenga namo mumabuka mafunde zinthu zolemera zikawombana. Pa 14 Seputembala 2015, makina a LIGO ku America adamva mafunde otere koyamba, ochokera ku ma black hole awiri, zinthu zokoka mwamphamvu moti ngakhale kuwala sikupulumukako.

Ambiri amabadwa nyenyezi yaikulu ikafa, koma mu 1971 Stephen Hawking adalemba kuti mwina ena adapangika chilengedwe chitangoyamba. Kodi awiri aja adali otero? Mlanduwu udzagamulidwa ndi kulemera, pakuti nyenyezi singasiye black hole yopepuka kuposa dzuwa. Yotere ikadzapezeka, idzakhala mboni ya chiyambi cha zonse.