DZINA LA BANKET NDI MAINA ENA A MIYALA

Abale anga a m'migodi ndi a m'mapulazi, dzina ili la Banket tilichula masiku onse pokwera basi ndi polemba keyala pa kalata, koma ndi owerengeka amene adziwa kumasulira kwace. Ena ayesa kuti ndi dzina la Mzungu woyamba kumanga pano. Iai, Banket ndi dzina la mwala, ndipo mwalawo unabwereka dzina lace ku cakudya.

Nkhaniyi iyambira ku Joni. M'caka ca 1886 George Harrison anapeza golidi pa pulazi ya Langlaagte, pamene lero pali mzinda wa Johannesburg. Golidiyo sanali mumcenga wa mumtsinje, koma m'thanthwe la maonekedwe acilendo, ndilo nsangalabwi zoyera zambirimbiri zomatana ndi mcenga wouma gwa. Mabunu poona thanthwelo anakumbuka cakudya cotsekemera ca makolo ao a ku Holland, cochedwa "banket", cimene apanga ndi shuga ndi njere za mtengo wa almond. Ife tinganene kuti cifanana ndi mtedza wophikira m'shuga. Comweco anacha mwalawo banket, ndipo dzina la nthabwala lija linakhazikika, nililowa m'mabuku a anthu ophunzira.

M'caka ca 1890 Azungu a Cecil Rhodes anafika pamene lero pali Harare, atalonjezedwa munthu yense pulazi yace ndi malo 15 okumbapo golidi. Mtima wao wonse unali pa kupeza Joni waciwiri. Ndipo m'dziko lino la mfumu Nemakonde, limene iwo analichula mokhota kuti Lomagundi, anaona thanthwe la nsangalabwi zomatana, nakondwera kuti apeza banket. Mgodi wa pafupi ndi Chinhoyi anaucha Eldorado, mau a Cispanya onena munthu wokutidwa ndi golidi. Njanji yaing'ono yocokera ku Salisbury inafika ku mgodi wa Ayrshire m'caka ca 1902, ndipo pamene panapatuka nthambi yopita ca ku Eldorado panachedwa Banket Junction. Ndiwo mudzi wathu uno, pafupifupi mailosi 60 kucokera ku Harare.

Eldorado anaturutsa golidi zaka zingapo, koma Joni waciwiri sanaoneke konse. Cuma ca dera lino cinaturuka m'nthaka ya pamwamba, ndico cimanga, fodya ndi thonje. Ndipo makolo athu a ku Nyasaland, a ku Fort Jameson ndi a ku Tete, amene anaoloka Zambezi atayenda pansi masabata ambiri, anadzagwira khasu pa malo a dzina la golidi.

Tsono pano pali mau amene ndifuna kuti awamvetse onse okhala ndi mbale amene anagwira nchito ku Joni. Dzina la banket ndi lotsekemera, koma pfumbi lace liwawa. Nsangalabwi zija ndi mwala wolimba umene Azungu auti "quartz", ndipo pobowola ndi pophulitsa uturutsa pfumbi losalala kopambana ufa. Pfumbilo likalowa m'mapapo silituruka. Mapapo auma pang'onopang'ono, munthu nayamba kupuma wefuwefu pokwera kacitunda, ndipo cifuwa cacikuru cimpeza msanga. Nthendayi madokotala aicha "silicosis", kucokera ku mau a Cilatini "silex", ndiwo mwala wolimba. Amuna ambiri anabwerera nayo kumudzi, nafa mwakacetecete, abale nayesa kuti alodzedwa cifukwa ca njinga ndi masutikesi amene anabwera nao. M'caka ca 2018 makampani 6 a golidi a ku South Africa anabvomera kupereka ndarama zokwana R5 biliyoni, bwalo la milandu nilibvomereza m'caka ca 2019. Ndaramazo zisungidwa ndi bungwe la Tshiamiso Trust, dzina la Citswana lotanthauza kukonza colakwika. Ziri za iwo amene anagwira nchito ya pfumbi m'migodi ya makampaniwo pakati pa 12 March 1965 ndi 10 December 2019 nadwala nthendayi kapena cifuwa cacikuru, ndi za amasiye ao, ngakhale ali a maiko ena. Migodi ya muno mu Zimbabwe siili m'panganolo. Cifukwa cace musataye mapepala akale a bambo kapena agogo, makamaka okhala ndi nambala ya pa mgodi.

Cinanso ca banket ndi ici: golidi wace kawirikawiri saoneka ndi maso, ndipo cimene cinyezimira m'katimo ndi mwala wina wochedwa "pyrite". Agriki anaucha motero kucokera ku mau ao onena moto, pakuti ukaumenya ndi citsulo uthetheka. Kuyambira caka ca 2000, pamene mapulazi ambiri analandidwa ndi nchito ya fodya inacepa, anyamata athu ambiri alowa m'gulu la okumba golidi mwa okha, amene eni dziko awacha makorokoza, ndipo woyamba kumene anyengedwa ndi mwala uwu. Kuyesa kwace nkosabvuta. Golidi ndi wofewa, ukammenya ndi nyundo aphwatalala osasweka. Pyrite aphwanyika nasanduka ufa wakuda, nanunkha sulufule.

Ine ndiona kuti dzina la mwala lisonyeza mtundu wa anthu amene anayamba kuufuna. Taonani mau athu akuti ndarama. Kwa ife ndarama ndizo zogulira zinthu, koma m'Cishona ndarama ndiye golidi. Anthu ambiri ophunzira zinenero ati mauwa anacokera kwa Aluya, amene anali ndi kobiri lochedwa "dirham", ndipo iwonso analandira dzinalo ku "drachma" ya Agriki. Amalonda a ku Sofala ndi a mumtsinje wa Zambezi anagula golidi m'dziko lino zaka mazana ambiri Rhodes asanabadwe, nasiya mauwo m'kamwa mwa anthu. Ife tinawagwiritsa pa zogulira, kotero kuti pofuna kuchula citsulo cace ceniceni tinabwerekanso mau ena kwa Angerezi, ndiwo golidi ndi siliva, monga alembedwa m'Buku Lopatulika la 1922.

Koma citsulo ndi mkuwa ndi mau athuathu, pakuti makolo athu anali ndi ng'anjo zao, nasula makasu, nkhwangwa ndi makoza. Anansi athu Ashona acha mkuwa mhangura, ndipo mudzi wa Mhangura, kumpoto kwa Chinhoyi, unatenga dzina pamenepo; Azungu analemba Mangula kufikira caka ca 1982. Mgodi wace unatsekedwa, koma dzina licitabe umboni kuti eni dziko anadziwa mkuwawo kale. M'dziko la Hurungwe ndi pa Ingombe Ilede, tsidya lija la Zambezi, anafukula mkuwa woyengeka wopangidwa ngati mtanda, umene unali cuma ca anthu akale.

Ngakhale dzenje lokumbamo liri ndi maina awiri. Makolo athu anati mtapo, kucokera ku kutapa, ndiwo malo amene amai atapako dothi la mbiya. Mau akuti mgodi afanana ndi "umgodi" wa Cizulu ndi Cindebele, ndilo dzenje, ndipo ndiwo amene amveka m'Cilapalapa ca pa nchito. Lero mwana wa ku Dowa adziwa mgodi, koma ukamfunsa mtapo angoyang'ana. Ndiponso mvetserani kumapeto kwa mau akuti nsangalabwi ndi lubwe: muli mau akale a mwala, amene Ashona awasunga poti ibwe ndi mabwe, ndipo ali m'dzina la Zimbabwe, nyumba za miyala.

Miyala imene makolo sanaigwiritse nchito iribe maina akwathu. Asbestos wa ku Zvishavane ali ndi dzina la Cigriki lonena cosazimika. Daimondi acokera ku "adamas", cosagonjetseka, pakuti palibe mwala wina umkanda. Mica wa ku Mwami pafupi ndi Karoi, mudzi umene Azungu anaulemba Miami, dzina lace ndi la Cilatini lonena nyenyeswa.

Wotsala ndi chrome, amene abale athu ambiri amkumba ku Mutorashanga m'mapiri a Great Dyke, mtandadza wa makilomita oposa 500. Mwalawo ndi wakuda bii, koma dzina lace licokera ku "chroma", mau a Cigriki onena maanga. Analipereka dzinalo pamene Mfalansa Louis Vauquelin anapeza citsuloco m'caka ca 1797, poona kuti cikasanganizika ndi zina cituruka cofiira, cacikasu kapena cobiriwira. Citsulo comweco ndico cibiriwitsa emerald wa ku Sandawana ku Mberengwa, ndipo ndico cifiiritsa ruby wa pa phiri la Chimwadzulu ku Ntcheu kwathu, kumene anapeza miyala ya mtengo wapatali m'caka ca 1958.